Masitepe a Mai Joakina

Pa Bangula, kuseri kwa sitolo ya a Vinti,
ndili ndi tebulo, mpando wolemala mwendo,
ndi kompyuta yopuma wefuwefu ngati galu wa mu Okutobala.
Ndinaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa kunsi.

Nyumba ya mai Joakina inayamba ndi mizere yokhayokha,
mafupa opanda mnofu:
nsanamira khumi ndi ziwiri zoinyamula m'mwamba,
masitepe asanu ndi awiri, denga lopendekera kuzambwe.
Ataiona anati, "Mwananga, chimenechi n'chikwere cha nkhunda?
Ine m'mizere sindingagonemo."

Ndiye ndinayamba kuiveka.
Pulogalamu ili ndi njerwa zakezake, zosalala ngati sopo,
zosadziwa nkhuni, zosadziwa chala cha woumba.
Ndinazikana. Ndinapita ku uvuni wa Fulanzi ndi foni,
n'kujambula njerwa zopserera mbali imodzi,
ina yodindidwa phazi la mwanapiye,
n'kudzazimata pakhoma la m'makina.
Malata ndinawachepetsa kunyezimira
poti kuno fumbi silidikira kuti mwini nyumba alowe.

Kenako dzuwa.
Limafunsa mwezi, limafunsa ola, limafunsa kuti tili pati padziko.
Ndinaliuza: Novembala, masana, chigwa cha Shire.
Linaponya mthunzi waufupi, waulemu,
koma kuotcha silinathe.
Ndinafufuza paliponse, batani la thukuta palibe.

Anthu obwera ndi pulogalamu amavala majekete,
wina akukoka galu pachingwe, wina kapu ya khofi m'manja.
Ndinawathamangitsa onse, pamodzi ndi kapinga wawo.
Ndinasesa bwalo, n'kubzala msawu,
mbuzi ziwiri pansi pa nyumba, zikubzikula.

Chithunzi chimapsa pang'onopang'ono,
kabokosi, kabokosi, kuyambira pakati,
poyamba mbuu ngati madzi ovunduka,
kenako chimadikha.
Chitatsala pang'ono, magetsi thii.
Mawa lake chimodzimodzi.
Usiku wachitatu ndinabwereka jenereta, udzudzu ukundiimbira,
tambala asanalire nyumba inaima, kuwala kuli pa zenera,
moti ine mwini wake ndinafuna kugogoda.

Mai Joakina anabwera pa kabaza.
Anayang'ana nthawi yaitali, osaphethira.
Anakhudza galasi ndi chala, pamene pali chitseko.
"Yakongola," anatero. "Koma yanama.
Wandionetsa Novembala. Ine ndikufuna Januwale."

Madzi a m'pulogalamu ndi obiriwira ngati thambo,
oyera, oti n'kuona ndalama pansi.
Ndinawathira matope. Ndinawathiranso.
Iwo ali pambali: "Onjeza. Ruo safika atasamba."
Ndinaikamo mapesi, nthambi, beseni loyandama chafufumimba.
"Anafika pati chaka chija?" ndinafunsa.
Anaimirira, n'kuika dzanja pachifuwa.
Ndinayeza ndi tepi kuchokera pansi,
nambala ndinaipatsa makina.

Tinadikira limodzi, osalankhula,
fani ikulira, mabokosi akudzadza.
Mbuzi zinasowa. Tsinde la msawu linasowa.
Nsanamira zinamira mpaka m'khosi.
Nyumba inatsala pamwamba, youma, mthunzi wake ukugwedera pamadzi.

Anawerenga masitepe ndi chikhadabo:
loyamba mulibe, lachiwiri mulibe,
mpaka anapeza limodzi louma, lapamwamba.
"Apa," anatero, "Tereza akanaima apa."
Sindinafunse. Ku Makhanga aliyense ali ndi dzina
lomwe amalitchula motsitsa mawu.

Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje
ngati madziwo angadonthere pa tebulo.
"Onjeza masitepe awiri."
Ndinati simenti ikwera, nsanamira zitalika,
ndalama ya thonje siikwana.
"Ndamva. Onjeza."

Ndinavula nyumba njerwa zake, dzuwa lake, madzi ake,
n'kubwerera ku mafupa.
Panja kabaza akuimba belu.
Pamalo pomwe nyumbayo idzaime
pakadali zikhomo zinayi ndi chingwe,
ndi mbuzi yeniyeni ikutafuna chingwecho.